Mapepala a Malemu Vaudrel

MUTU 5

1. Mlendo wa ku Paris

Barnabé Lescuyer, wogulitsa mabuku wa ku Paris, anaba buku la a Anselme Vaudrel m'chaka cha 1734, patangopita milungu itatu a Vaudrel ataikidwa m'manda. Anabwera masanasana, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando wa malemuwo, namwa supu wa mkazi wamasiye mpaka kunyambita supuni.

A Vaudrel anali wosindikiza mabuku kuno ku Rouen, m'kanjira ka kuseri kwa msika wa nsomba. Ankasindikiza makalendala, timabuku ta mapemphero ndi zidziwitso za maliro. Koma mtima wawo unali pa mitengo ya maapozi. Kwa zaka makumi awiri ankayenda m'midzi akaweruka ku tchalitchi, kufunsa alimi za kamezanitsidwe ka mitengo, n'kumalemba. Atamaliza anakopera zonse mwaukhondo pa mapepala oyera kuti zipite kwa wounika mabuku wa mfumu. Chifuwa chinawatenga mapepalawo asanatumizidwe.

Tsono buku silisindikizidwa popanda chilolezo cha mfumu, ndipo chilolezocho chimachokera ku Paris kokha. Lescuyer ankadziwa kuti mkazi wamasiye sangayende ulendo wotero.

“Mayi, musavutike,” anatero. “Ounika mabukuwo ndimadya nawo pa tebulo limodzi. Ndipatseni mapepalawa. Pakatha miyezi iwiri chilolezo chifika pakhomo pano, dzina la m'bale wanga Anselme lili pamwamba.”

Mayi Mathurine, mkazi wamasiyeyo, anakulunga mapepala oyerawo mu nsalu, naikapo buledi ndi tchizi zoti mlendo adye m'njira.

Miyezi iwiri inatha. Inatha isanu ndi inayi. Makalata atatu anapita ku Paris ndipo palibe imene inayankhidwa.

2. Pakhonde la tchalitchi

A Vaudrel anasiya mwana mmodzi yekha, Perrine, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anakulira pakati pa zilembo za mtovu, ndipo zala zake zinkadziwa bokosi la zilembo kuposa poto.

Lachiwiri lina m'mawa, nyengo yothyola maapozi, amayi ake anamutuma kukagula anyezi. Podutsa pa tebulo la mayi Quibel, amene ankagulitsa mabuku pakhonde la tchalitchi, anaona buku latsopano la chikuto chabuluu. Linali la mitengo ya maapozi. Analitsegula.

Mzere woyamba unati: “Mpeni womezanitsira uunole kunyumba, usakaunolere m'munda.” Mawu amenewo Perrine anali atawamva kambirimbiri, bambo ake akuwanena pakamwa pali buledi.

“Iwe wa kwa Vaudrel,” anatero mayi Quibel, “zala zakozo wasamba? Buku langa lisachoke pamenepo lili ndi ndevu za inki.”

“Ndikungoona, mayi.”

“Nonse mumangoona. Ndikanamadya maso a anthu, bwenzi ndili wonenepa ngati wansembe. Ndipo usataye nalo nthawi limenelo. Alimi awiri andibwezera kale. Likuti onani chithunzi chachinayi, onani chithunzi chachisanu ndi chiwiri. Tsegula uone. Chithunzi mulibe ngakhale chimodzi. Anthu a ku Paris amayesa ife timaona ndi mphuno.”

Perrine sanaseke. Anabwerera patsamba loyamba. Panali dzina limodzi lokha, la Barnabé Lescuyer. Anatsegula kumapeto, kumene chilolezo cha mfumu chimasindikizidwa. Chinati mfumu yalola wokondedwa wake Lescuyer kusindikiza ndi kugulitsa buku lake kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo wina aliyense amene angalisindikize, lonse kapena tsamba limodzi, adzalandidwa mabuku ndi kulangidwa.

Anafika kunyumba alibe anyezi.

3. Chenjezo la a Gervais

Mu shopu munali anthu awiri. Mayi Mathurine ankapinda makalendala. A Gervais Toutain, nkhalamba imene inakoka mkono wa makina osindikizira kwa zaka makumi anayi mpaka phewa lamanja linakula kuposa linzake, ankatsuka zilembo m'chidebe.

Perrine anafotokoza zimene anaona. Amayi ake anakhala pansi pang'onopang'ono.

“Ndinamuikira ndi tchizi,” anangotero.

Mtsikanayo anakwera makwerero kupita m'chipinda cha m'denga. Anatsika ndi dengu. Munali mapepala oyambirira a bambo ake, amene ankalemba ali m'minda, ofufutafufuta, a madontho a mowa wa maapozi ndi matope.

“Ukupita nalo kuti dengulo?” anafunsa a Gervais.

“Kwa a Crespel.”

A Crespel anali mkulu amene anaikidwa kuti aziyang'anira mabuku onse olowa ndi otuluka mumzinda wathu. A Gervais anapukuta manja pa epuloni.

“Khala pansi, mwanawe, undimve kaye. Ukamva uchite zimene ukufuna, poti ana a masiku ano mumabadwa mukudziwa kale zonse.

“Nyumba imene ukupitayo ine ndinalowamo kawiri. Koyamba ndinaperekeza bwana wanga wakale, a Hautot, iwe usanabadwe. Nawonso anaberedwa buku. Anavala jekete lawo la ukwati, nanyamula umboni m'khwapa. Anawalandira bwino kwambiri. Anawapatsa mpando. Anatuluka alibe umboni, ndipo chisanathe chaka analibe shopu. Anakafera kumudzi kwa mlongo wawo akuweta atsekwe. Kachiwiri ndinapita kukaona mabuku athu akusinjidwa mumtondo ndi madzi mpaka kusanduka phala. Munsi anandigwiritsa ine ndemwe, amene ndinawasindikiza.

“Iwe ukuyesa kuti kumeneko amafunsa kuti analemba ndani. Safunsa zimenezo. Amafunsa kuti m'kaundula muli dzina la ndani. Pepala limene wounika mabuku waikapo chizindikiro chake pakona, limenelo ndi pepala. Lopanda chizindikiro ndi mlandu. M'dengu mwakomo muli milandu yokhayokha, tsamba ndi tsamba, ndipo ukufuna kukaipereka wekha ndi manja awiri.

“Komanso usaiwale kuti mfumu inati osindikiza mu Rouen asapitirire khumi ndi awiri. Amayi akowa ali pamalo a bambo ako chifukwa ndi amasiye, basi. Kunjaku kuli anyamata asanu amene anamaliza kale kuphunzira ntchito, akudikira kuti wina agwe. Amatipatsa moni m'mawa uliwonse. Amafunsa ngati amayi ako agona bwino. Ukuyesa n'chikondi?”

“Ndiye tingokhala?” anafunsa Perrine. “Dzina la bambo lifafanizike ife tikupinda makalendala?”

“Eya, tikhale. Ine ndakhala zaka makumi anayi ndipo ndikudyabe.”

“Mukudya, koma inu simunalembepo buku.”

“Perrine,” anatero amayi ake, “a Gervais sayankhidwa choncho.”

Nkhalamba ija inaweramiranso m'chidebe.

“Musiyeni, mayi. Wanena zoona. Tsono poti mutu wako ndi wa bambo ako, ndikuuze zinthu ziwiri. Choyamba, chotsamo tsamba la agwape. Bambo ako analemba kuti mlimi amalera mtengo zaka zisanu, agwape a mabwana eni nkhalango n'kubwera kudzakungudza makungwa onse, ndipo mlimiyo akapha gwape mmodzi amapita kukapalasa ngalawa za mfumu, unyolo uli m'miyendo. Analemba kuti lamulo limeneli ndi loipa. Ndinakangana nawo sabata yathunthu kuti asakopere zimenezo pa mapepala oyera, ndipo anandimvera. Koma m'dengumo tsambalo likadalimo.

“Chachiwiri, matabwa osindikizira zithunzi amene ali m'denga aja usawatchule. Lescuyer akuganiza kuti bambo ako anamwalira asanawagobe. Musiye aziganiza choncho.”

Perrine anafufuza m'dengu mpaka analipeza tsamba la agwape. Analitembenuza. Kuseri kwake bambo ake anali atajambula mpeni, nalemba mayina a alimi atatu, ndipo pansi analemba dzina lawo lonse ndi chaka cha 1719. M'dengu lonselo panalibe tsamba lina lokhala ndi dzina ndi chaka.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analibwezera pakati pa anzake.

“Wachotsa?” anafunsa a Gervais osatembenuka.

“Ndachotsa.”

4. Kwa a Crespel

M'mawa mwake Perrine anavala diresi la ku tchalitchi. Anadikira pa benchi ya m'khonde kuyambira m'mawa mpaka belu la masana linalira. Anthu ovala nsapato zachikopa amene anabwera pambuyo pake analowa n'kutuluka. Iye anali ndi nsapato zamtengo.

A Crespel anali munthu wamfupi, waukhondo, wa mawu ofewa. Mapazi awo anali pa kabokosi ka makala, chifukwa ankadana ndi kuzizira.

“Mwana wa Anselme uyu,” anatero. “Lowa, mwana wanga. Tenga mpando.”

Perrine anakhala, nafotokoza nkhani yonse. A Crespel anamvetsera akugwedeza mutu. Anatenga buku la chikuto chabuluu pa shelefu, chifukwa buku lililonse lolowa mu Rouen limayamba ladutsa m'chipinda chimenecho. Analitsegula pambali pa mapepala a m'dengu, nayendetsa chala uku ndi uku.

“Bambo ako ndinkawadziwa,” anatero. “Anandimezanitsira mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yanga. Ukubereka mpaka lero. Ili ndi buku lawo, mwana wanga. Sindikukayika n'komwe.”

“Ndiye mulembera ku Paris, bwana?”

“Ndilembe kuti chiyani?”

“Kuti a Lescuyer anaba.”

“Anathyola bokosi? Analowera pa zenera? Amayi ako anawapatsa ndi manja awo. Iwo akanena kuti anagula, pali kalata yotsutsa?”

“Palibe.”

“Waona. Ndipo chilolezochi chili ndi chidindo cha mfumu. Ukufuna ine, Crespel, wa ana asanu, ndilembe kuti mfumu inadinda molakwika? Komanso ku Paris anganene kuti mapepala otere munthu angathe kukopera m'buku losindikizidwa kale, n'kuwadonthezera mowa kuti aoneke akale.”

“Koma mwangonena kumene kuti ndi a bambo.”

“Ndanena ine. A ku Paris palibe amene anawamezanitsira mtengo.”

Perrine anaimirira. Anapisa dzanja pakati pa mapepala, nasolola tsamba lija, naliika patsogolo pawo mbali ya mpeni ili pamwamba.

“Onani apa, bwana. Dzina lawo. Chaka cha 1719. Alimi atatuwa, awiri akadali moyo. Ndiponso zithunzi zimene bukulo likutchula zili kwathu. Matabwa makumi atatu ndi limodzi, anagoba okha bambo ndi manja awo. A Lescuyer alibe ngakhale limodzi.”

“Makumi atatu ndi limodzi,” anatero a Crespel. Anaviika nthenga mu inki, nalemba pa kapepala.

Kenako anachita zimene amachita munthu aliyense amene wakalambira pa mapepala. Anatembenuza tsambalo.

Anawerenga. Anabwerezanso kuwerenga. Anachotsa mapazi pa kabokosi ka makala.

“Ndani wina wawerenga tsamba ili?”

“Palibe, bwana.”

“Mkulu uja Toutain?”

Perrine anayang'ana nsapato zake zamtengo.

“Tamvera, mwana wanga. Apa alemba kuti lamulo la mfumu ndi loipa. Pepalali lapezeka m'nyumba imene muli makina osindikizira. Ndikanakhala munthu woipa, bwenzi lero lomwe ndikumata chitseko cha amayi ako ndi phula, ndipo nkhalamba ija ikanagona kundende. Koma ndimakumbukira mtengo wanga wa mapeyala. Ndinena kuti mwana wabwino anapeza mapepala oipa m'denga, nabwera nawo yekha kwa akuluakulu. Ukaganiza bwino, zimenezo n'zimene zachitika.”

Anasonkhanitsa mapepala onse, nawamanga ndi chingwe mopingasa. Anasungunula phula lofiira pa kandulo, nalidonthezera pa mfundo, nadindapo.

“Mudzandibwezera liti?” anafunsa Perrine.

“Mapepala opanda chizindikiro cha wounika sabwezedwa. Amakhala kuno mpaka tsiku la mtondo.”

“Tsiku limenelo ndi liti?”

“Chipinda chikadzaza. Dengu tenga, ndi la amayi ako. Ukawapatse moni.”

5. Thabwa lachinayi

Perrine analowa mu shopu dengu lili m'manja. A Gervais anayang'ana m'dengumo, nayang'ana nkhope yake.

“Anakupatsa mpando?”

“Anandipatsa.”

Nkhalambayo inagwira mkono wa makina, niyamba kukoka.

Madzulo ake Perrine anawauza amayi ake za tsamba la agwape ndi za matabwa. Mayi Mathurine sanamukalipire. Anapitiriza kupinda makalendala, ndipo ena anawapinda kawiri.

Patatha masiku khumi ndi asanu, Lachinayi, a Crespel anabwera okha ku shopu. Anavula chipewa pakhomo. Mayi Mathurine anapukuta mpando ndi epuloni.

“Ndabwera ndi nkhani yabwino, mayi,” anatero. “Ndinalembera a Lescuyer za matabwa aja. Akondwera kwambiri. Akuti alimi akhala akudandaula za zithunzi, tsono buku likamasindikizidwa kachiwiri lidzakhala lathunthu. Chilolezo chawo chikunena buku ndi zithunzi zake zonse, ndiye matabwawo ndi awo. Afika Loweruka pa ngolo ya masana.”

“Anagoba ndi amuna anga, bwana.”

“Ndikudziwa, mayi. Koma inu mungachite nawo chiyani? Mukasindikiza chithunzi chimodzi chokha mwaphwanya chilolezo. Angodyedwa ndi chiswe m'dengamo.” Anatulutsa kapepala m'thumba. “Makumi atatu ndi limodzi. Anandiuza ndi mwana wanu yemweyu. Akapezeka makumi atatu okha, sindidzatha kukutetezaninso. Ndidzabwera ndi phula.”

Anafunsa ngati mayi Mathurine akugona bwino masiku ano. Kenako anavala chipewa, natuluka.

Perrine anakwera makwerero. Matabwa anali m'bokosi pafupi ndi chumuni, lililonse lokulungidwa m'chiguduli. Anawatulutsa limodzilimodzi mpaka anafika pa lachinayi. Analitengera pa kazenera kuti aone bwino.

Chinali chithunzi cha manja awiri, lina lagwira mpeni, lina lagwira nthambi. Bambo ake analibe munthu woti awaimire pojambula, choncho anagoba manja awo omwe. Chala chachikulu cha dzanja logwira nthambi chinali chachifupi, chopanda chikhadabo. Makina anachiphwanya a Vaudrel ali mnyamata, ndipo mu Rouen monse, kuyambira kwa ogulitsa nsomba mpaka kwa a Crespel, panalibe amene sankachidziwa chala chimenecho.

“Perrine,” anaitana a Gervais ali pansi pa makwerero. “Tsika. Ndikudziwa limene wagwira. Libwezere m'bokosi.”

Mtsikanayo analitembenuza m'manja. Thabwalo linali laling'ono, lokwana m'thumba la epuloni.

“Perrine, amayi ako alibe mlongo woweta atsekwe.”

Kunatsala masiku awiri kuti ngolo ya ku Paris ifike. Mapepala a malemu Vaudrel anali m'chipinda cha a Crespel, kudikira mtondo. Pakhonde la tchalitchi, mayi Quibel anali atalandira mabuku ena a chikuto chabuluu, dzina la Barnabé Lescuyer lili patsamba loyamba.